Mabuku a ababa ndi nkhuni zonyowa

Ndinadzuka kusanache. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira khoma pamodzi ndi amuna ena amene anachezera pamaliro a ababa. Mvula inawaza usiku wonse. Magetsi kuno ku Zengeza anali atapita kalekale, m'mipopi munalibe madzi, ndipo nkhuni zimene tinagula dzulo lake zinali zitanyowa zonse.

Chimene chinandidzutsa ndi fungo. Utsi wa pepala sufanana ndi wa nkhuni.

Ndinazungulira kuseri kwa nyumba. Azimayi anali atagwada pamafuwa, akupemerera moto wokana kuyaka. Pambali pawo panali katoni ya mabuku a ababa, yotsekula. Mmodzi ankang'amba masamba, kuwafinya, n'kumawalowetsa pansi pa nkhuni.

Ababa anali telala, koma mabuku ankawakonda kuposa makina awo. Osati mabuku a nzeru ayi. Ankakonda a Chingerezi, a apolisi ofufuza amene wapha munthu, ogula kwa oyala pansi kumashopu a ku Huruyadzo. Achikondi ankati ngowononga maso. Ankhondo, amene ndinkawakonda ine, ankati ndi phokoso lokhalokha. Ambiri mwa mabuku awo analibe masamba omaliza, poti anthu ankathothola n'kukulungira fodya, ndiye wakuphayo ababa ankangomuganizira okha. Shuga atawadya maso, ine amene sukulu ndinasiyira fomu 2 ndi amene ndinkawawerengera. Ndikapunthwa pa liwu ankandigogoda pabondo. Tikamaliza mutu, nkhaniyo tinkaibwereza m'Chichewa, n'kumakangana ngati anthu a pabawa.

Buku limene tinali nalo pakati, lachikuto chobiriwira, linali lathunthu. Anandilumbiritsa kuti ndisasuzumire kumapeto. Iwo ankati wapha ndi mkazi wa dokotala, ine ndinkati ndi dalaivala.

Ndinalanda katoni ija. Ndinakuwa, mawu ake sindikuwakumbuka, koma olira m'nyumba anakhala chete. Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa ababa amene anafika usiku kuchokera ku Mbare, anatuluka atavala mkanjo woyera. Amene analamula kuti mabukuwo ayatsire moto ndi iwowo. Mabuku a Chiarabu anali atawakulunga munsalu n'kuwaika pamwamba pa kabati. Enawa ankati ndi mabodza a azungu, bola agwire ntchito.

"Iwe mfana, bweza katoniyo. Wamwalira ndi mkulu wanga."

"Mkulu wanu amene simunabwere kudzamuona chidwalireni?"

Ndinali nditawagwira kale mkanjo pakhosi. Amuna anaimirira. Amayi anatuluka m'chipinda cha maliro atafunda kumutu, ndipo sanakweze mawu.

"Ukamenya munthu lero, m'manda sulowa. Abambo ako awalandira anthu ena."

Kwathu mwana wamwamuna ndi amene amatsikira m'dzenje kukalandira thupi. Kenaka amayi analoza mphika umene unali pamafuwa. Anati madziwo ndi osambitsira abambo ako, ukufuna asambe ozizira? Ababa madzi ozizira sankawafuna, ngakhale mwezi wa dzuwa lowotcha.

Ndinasiya mkanjo. Ndinafufuza m'katoni, lobiriwira munalibe. Chikuto chake ndinachiona pamoto chikupindika. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga anga onse ankhondo n'kuwaponya patsogolo pa azimayi aja. Ndinati ayake awa. Katoni ya ababa ndinaikankhira kunsi kwa bedi. Ankhondo aja anayaka bwino, nkhuni zinagwira, madzi anafunda.

Kutacha anthu anayamba kufika, ambiri wapansi poti makombi, maminibasi akuno, analibe mafuta, matope mpaka m'mawondo. Aneba athu Achishona ankatigwira dzanja n'kumati nematambudziko, kupepesa kwawo kwa pamaliro. Madala a kumzikiti anakhala pansi pa tenti yodontha, akulankhula Chichewa ndi Chiyao, adzukulu awo akuwayankha m'Chishona. Ndinkaona anthu akunong'onezana n'kumandiyang'ana. Nkhani ya mkanjo inali itazungulira kale. Ashehe anandiitana n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

Ababa anasambitsidwa kuseri kwa nsalu, anawakulunga musanda, tinawaswalira pabwalo. Lole imene anatilonjeza sinabwere, dizilo kunalibe. Tinanyamula jeneza, chonyamulira maliro, pamapewa. Azimayi anatsala pageti, ndipo kulira kwawo kunatiperekeza mpaka pokhota msewu. Panjira amuna ankalandirana, uyu akachoka wina walowa. Ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ankaimirira, ena kuvula zipewa. Nthawi ina ndinapezeka kuti mtengo umene ndasenza, kutsogolo kwanga ausenza bambo aang'ono. Pakhosi pa mkanjo wawo panali chidindo cha zala zanga zamwaye. Ndinachiyang'ana njira yonse.

M'manda munali mutalowa madzi, tinayamba takapa ndi ndowa. Ashehe atafunsa olowa, ndinadumphiramo ndisanamve yankho la munthu. Palibe anandiletsa. Bambo aang'ono anatsikanso. Tinalandira thupi, lopepuka ngati la mwana, n'kuligoneka chakumanja, nkhope kuyang'ana kibula, kumene timayang'ana poswali. Phazi langa linaterereka m'matope ndipo iwo anandigwira pachigongono. Sindinawathokoze, komanso dzanja lawo sindinalikankhe.

Madzulo anthu anabalalika msanga, kuthawa mvula ina. Bambo aang'ono anapita ndi mabuku a Chiarabu aja. Panja panatsala phulusa lonyowa ndi mipando yobwereka. M'nyumba munali zii, makina a ababa atavundikiridwa.

Ndinakhala pakhomo pamene ndinkawawerengera. Amayi anabwera n'kukhala pamphasa. Anamasula mfundo ya chitenje chawo, anatulutsa masamba opindapinda, n'kundipatsa. Amayi sadziwa kuwerenga, koma lobiriwira lija ankalidziwa.

"Ndinathothola akumapeto katoni isanatuluke. Ndi amene abambo ako ankawasowa masiku onse. Werenga kusanade."

Ndinawafunsa kuti nkhaniyi iwo akuidziwa bwanji.

"Mmene munkakuwiramo muja, kukhitchini ndikanapanda kumva? Inu nonse awiri mbuzi. Wapha ndi dokotala mwini wakeyo."

Ndinawerenga mokweza, pang'onopang'ono. Ndinapunthwa pa liwu lina lalitali, ndinadikira, bondo langa palibe analigogoda. Ndinapitiriza mpaka mzere womaliza.

Anali dokotala.

Amayi anatseka pakamwa ndi chitenje, poti namfedwa saseka tsiku la maliro. Mapewa awo okha ndi amene ankagwedezeka.