Nkhalamba Yopanda Ana

Pobadwa adamutcha Jobu. Dzina loti Clive adachita kulitola kunyumba yaikulu, pamodzi ndi nsapato ndi malaya amene mwana wa abwana adasiya popita kunja. Bambo ake, a Patrick Lekani a ku Mitundu, adakalambira m'maluwa a banja lina ku Area 15, ndipo ana awo awiri adakulira m'kanyumba ka antchito kuseri kwa galaja. Wamkulu, Eliness, adasiyira sukulu panjira mayi awo atamwalira, nayamba kugulitsa zitenje mu Msika wa Lilongwe. Wamng'onoyo ndiye adali wamutu. Zimenezo Eliness sadatsutsepo. Iye ankangoti mutu wokhawokha si munthu, ngakhale mbuzi ili nawo.

Clive ankafuna kukhala loya, koma mayeso sadamulole. Adagwera m'maphunziro a chisamaliro cha anthu, amene anzake ankangowatcha a sosho. Pofika chaka chachitatu, amphawi adawadziwa mpaka kumsana, koma a m'mabuku okhaokha. Patchuthi ankafikira kwa Eliness ku Mchesi, n'kukhala pampando wabwino, miyendo ili pwatalala.

"Achemwali, vuto lanu anthu inu ndi kaganizidwe," ankatero akusomphola ntchafu ya nkhuku imene akanadya bambo ake.

Nthawi imeneyo n'kuti a Lekani atagwa ndi matenda opha ziwalo. Mbali ya kumanzere idafa, lilime lidalemera, koma nzeru zidali zonse. Abwana adawathokoza bwinobwino, n'kupempha makiyi a kanyumba kaja. Eliness adawatenga. Ankawasambitsa asanapite kumsika, masana n'kuthamanga kukawadyetsa, benchi atasiyira mnzake. Clive ankati fungo la m'chipinda chawo limamuyambitsa mutu.

Chaka chomaliza adamutumiza ku atachimenti, kukaphunzira ntchito ku bungwe lina losamalira okalamba ku Old Town. Wophunzira aliyense ankayenera kupeza nkhalamba imodzi yovutika, kumaiyendera, kumvetsa mavuto ake ndi kuithandiza. Munthu wotereyo ankamutcha kesi. Kumapeto mphunzitsi ankabwera kudzaona yekha. Anzake a Clive adatha nsapato ku Kawale ndi ku Chinsapo, kufumbi ndi kumatope. Iye adatha batire la foni ali muofesi. Nthawi itamuthera, adatulukira pabenchi ya Eliness atanyamula mpango pamphuno.

"Achemwali, ndikufuna mundibwereke abambo."

"Ndikubwereke? Asanduka wilibala?"

"Mvetsetsani. Aphunzitsi akubwera Lachinayi. Ndalemba kuti ndapeza agogo ena amene ana awo adawataya. Inu mudzangokhala mayi wachifundo woyandikana nawo nyumba."

Eliness adamuyang'ana kuyambira kumeta kwake kwa mzere mpaka kunsapato zoyera, natsonya mpaka mayi wogulitsa maloko pafupi adatembenuka.

"Iwe Jobu, zaka zinayi zonsezi akuphunzitsa zimenezi?"

Adakana kwamtuwagalu. Koma Clive adadziwa khomo lofewa. Adapita kwa bambo ake, nagwada, nalira kuti akalephera ndiye kuti thukuta lonse la m'maluwa lija lapita pachabe. Eliness atafika kunyumba, nkhalambayo idamuitana.

"Msiye mwana akhoze," idatero movutikira.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Eliness adagonja.

Tsikulo Clive adalawirira, koyamba chibadwire. Adachotsa kukhoma chithunzi cha banja, nabisa bulangete latsopano, nawaveka bambo ake malaya ong'ambika a kumunda. Adafika pobalalitsa mbale pansi kuti nyumba ioneke yopanda mwini. Eliness adaima pakhomo manja ali m'chuuno, akuonerera ntchito yoyamba imene mlongo wake adagwirapo m'nyumbamo.

Mphunzitsiyo, Mayi Immaculata Chikaonda, adali munthu wamtima. Adavula nsapato pakhomo, nagwada pafupi ndi mphasa.

"Agogo, ana anu ali kuti?"

A Lekani adayang'ana pansi. "Ali m'tauni momuno."

"Sabwera kudzakuonani?"

"Ndi otanganidwa."

Clive adausa moyo, napukusa mutu ngati mbusa pamaliro, nayamba kufotokoza m'Chingerezi cha m'mphuno za kutha kwa chikondi m'mabanja amakono. Polankhulapo adawagwira bambo ake paphewa ndi nsonga za zala. Mayi Chikaonda misozi idalengeza.

"Ana otere Mulungu yekha awaone," adatero.

"Ameni," adavomera Eliness, maso ali pa Clive.

Nkhani ikadathera pomwepo, ikadangokhala nthabwala yonunkha. Koma Mayi Chikaonda sadali munthu wongomva chisoni n'kuiwala. Adayenda m'maofesi, adaimba mafoni, mpaka adapeza malo kunyumba yosungira okalamba ya mpingo wina kunja kwa tauni. Adamuuza Clive mokondwa kuti galimoto ibwera kudzatenga kesi yake.

Eliness atamva, adatuluka ndi chikuni. Clive adabisala kuseri kwa mpando wa bambo ake.

"Achemwali, ndi kanthawi chabe. Zotsatira zikangotuluka tidzawatenga. Mukaulula panopa andichotsa sukulu."

"Ndiye akuchotse! Ukalime fodya ku Mitundu, mwina ungasanduke munthu."

Amene adathetsa mkanganowo adali a Lekani. Adapempha jekete lawo lopitira kutchalitchi, nati awakhazike pakhonde kuti galimoto isavutike kuwadikira. Powanyamula, Clive adaima patali akujambula ndi foni, ati za umboni wa ntchito yake.

Kumeneko sadawazunze. Ankadya bwino, ankagona pabedi. Koma a Lekani adasiya kulankhula, chifukwa anthu achilendo sankamva lilime lawo lolemera ndipo ankangovomera chilichonse ndi kumwetulira. Eliness ankapita Lamlungu lililonse, n'kulowa ngati woyandikana nawo nyumba. Clive adapitako kamodzi, tsiku limene kudabwera alendo ochokera kunja.

Zotsatira zitatuluka, Clive adakhoza kuposa anzake onse. Eliness adadikira kuti anene za kukatenga bambo awo. Clive adati ali ndi mafunso a ntchito ku City Centre, ayambe waona zimenezo. Mawa lake Eliness adatseka benchi, nakwera minibasi yekha. Adauza mayi woyang'anira nyumbayo kuti iye ndi mwana wa a Lekani, wabwera kudzawatenga. Za mlongo wake sadatchule.

"Ooh, ndinu mwana wawo!" adatero mayiyo mokweza kuti antchito onse amve. "Masiku onsewa mumabwera ngati mlendo, manyazi mulibe? Lero mwakumbukira kuti muli ndi bambo?"

Eliness adalandira mawuwo chiimire. Adawabereka bambo ake kumsana ndi chitenje mpaka pamsewu, ndipo adadabwa ndi mmene adapepukira.

Tsiku lolandira digiri, a Lekani adadzuka akufuna kumetedwa ndevu. Clive adatumiza uthenga pafoni: malo ndi ochepa, komanso Mayi Chikaonda adzakhalako, angawazindikire. Nkhalambayo idakhala pakhonde tsiku lonse ili m'jekete, ikuuza aliyense wodutsa kuti mwana wake lero akuvala mkanjo. Ambiri sadamve chimene inkanena.

Lero Clive ali ndi ofesi ku City Centre, m'chipinda chozizira, ndipo amachita lendi ku Area 13. Ophunzira a chaka chomaliza amawatumiza kwa iye kuti awaongolere, ndipo akuti ndi wovuta kwambiri: safuna ulesi, safuna bodza. Nthawi zina amamuitana pawailesi kuti alankhule za ufulu wa okalamba. Mawu ake ndi ofewa, amadziwa pomwe ayenera kuima kaye ngati wagwidwa ndi chisoni. Ku Mchesi amatumizako zakumwa pa Khirisimasi, kudzera mwa dalaivala.

Tsiku lina akulankhula choncho pawailesi ya pabenchi yoyandikana ndi ya Eliness, mayi wina wogula zitenje adatchera khutu.

"Mnyamata ameneyu adaleredwa bwino. Akuti Lekani. Kodi si m'bale wanu?"

"Mayina amafanana," adayankha Eliness, akutambasula nsalu. "Mutenga chobiriwirachi kapena chamaluwachi?"