Bulangete la Agogo

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la mbatatesi yoola, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa.

Anali mlimi wa mbatatesi ku Ntengo-Wambalame. M'mawa, nkhungu isanachoke, ankalowa m'kanyumba kosungiramo mbewu n'kumatembenuza mbatatesi imodziimodzi, dothi lofiira likuwakwera m'mikono, chifuwa chikulira ndi utsi wa fodya. "Chogonera mbali imodzi chimaola," ankatero.

Ndili mu kwarta kalasi, chaka chachinayi kusukulu, agogo anafa ziwalo mbali ya kumanja. Anawagoneka chagada pamphasa. Agogo aakazi anali atamwalira kale, amalume anali kuchikamwini ku Furancungo. Pakhomo panali mayi anga ndi mng'ono wawo. Kwathu mwana wamkazi saona thupi la bambo ake, choncho ankangowasukusula kumaso ndi kuwasambitsa m'manja. Mkulu wina wa kumpingo ankabwera akapeza mpata kudzasolola nsanza za pansi, m'nyumba muli mdima, osawatembenuza. Chakudya chinali mbatatesi yophika ndi nyemba, zimene sankatha kumeza. Galu wathu ananenepa.

Fungo litakula, mayi anagwira nsonga ya bulangete. Agogo analikoka ndi dzanja lamoyo lija.

"Iwe, ndine bambo ako."

"Ababa, ndingoonako pang'ono."

"Siya. Abwera mlongo wako."

Mayi anasiya.

Amalume anafika patapita milungu, atakweza namwino pamota, njinga yamoto. Namwinoyo anavundukula bulangete tonse tikuona. Pansi pa msana panali chilonda choti chibakera chikanalowamo. Zina zinali kuzidendene.

"Meu Deus, Mulungu wanga!" anatero namwinoyo. "Amayi, mumadikira chiyani?"

"Ndi ulemu, dona enfermeira," anayankha mayi, akumutchula namwinoyo m'Chipwitikizi.

"Ulemu? Kuwatembenuza pakapita maola awiri, khungu likhale louma, phala lamadzimadzi la nsinjiro ndi dzira, pang'onopang'ono, atawatsamiritsa. Basi!"

Nsinjiro inalipo. Nkhuku zinkaikira kuseri kwa nkhokwe. Manja analipo anayi. Koma chilonda chinali chitafika pafupa, ndipo agogo anamwalira mvula isanagwe. Pamaliro anthu anayamikira ana awo aakazi kuti anasunga mwambo. Ndimakwiyira oyamikirawo, ndimakwiyira amalume, ndimakwiyiranso agogo amene ankadziwa za mbatatesi koma anakanirira bulangete.

Chaka chino mayi nawonso agona, ziwalo zafa, ndipo mwana wawo ndine ndekha, wamwamuna. Ndikagwira chitenje amachikoka.

"Iwe, ndine mayi ako."

"Ndikudziwa, amayi," ndimatero, n'kuwatembenuza.