Paipi inabooka pomwe Esnati analoza

Lachiwiri lapitali ndinabwerera kunyumba ndi matumba anayi a masamba a tiyi. Tinathyola kuyambira m'mawa, ine ndi mayi akunyumba, koma titafika pashedi yogulitsira masamba, kalaliki sanakhudze n'komwe sikelo.

"Lero sitikulandira, bambo. Fakitale yaima."

Pofika Lachitatu masamba aja anali atapsa, akununkha. Tinakataya kudzala.

Chinaimitsa fakitale n'chiyani? Paipi imodzi yonyamula mphepo yotentha ndi fumbi la tiyi inabooka pamene imakhotera. Chikundiwawa ine n'chakuti malo amenewo munthu anali atawaloza kale ndi chala.

Mwana wa mlongo wanga, Esnati, ndi injiniya pafakitale pomwepo. Kusukulu anaphunzira za momwe tinthu ting'onoting'ono tothamanga kwambiri timadyera chitsulo. Mvula itangoyamba anabwera kwathu ku Nsabwe ndi laputopu yake, nkhope ili yosakondwa. Anandionetsa paipi yomweyo atayijambula pakompyuta, m'kati mwake timadontho tambirimbiri tikuthamanga. Tikafika pokhota sitinkakhota nawo, tinkangowomba khoma, malo amodzimodzi.

"Uwu ndi mchenga wobwera ndi masamba, malume," anatero. "Kalikonse kakamenya kamachotsa kachitsulo kosaoneka ndi maso. Kompyuta ikuphatikiza kumenya konseko. Pofiira apa sipadikira kuti mvula ithe."

"Akuluakulu wawauza?"

"Ndawauza. A kapitawo a makina akuti paipi imeneyi inaikidwa ine ndisanabadwe. Akuti aigogoda ndi sipanala, ikulira bwinobwino."

Mwamva, awerengi? Ndi sipanala.

Sindikuwanyoza a kapitawowo. Makina aja amawadziwa, ndipo awadzutsa kambirimbiri ena atagwira njakata. Koma khutu silimva chitsulo chikamadyeka m'kati pang'onopang'ono. Chikanavuta n'chiyani kumasula pokhota paja tsiku lopuma n'kusuzumiramo? Akanapeza kuti mtsikanayo walakwitsa, bwenzi atamuseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Khalidwe limeneli tili nalo ponseponse. Ana timawatumiza kusukulu, tsiku lolandira digiri timavala masuti n'kujambulitsa nawo zithunzi. Akabwera nazo zimene aphunzirazo, timati azidikira kaye amere imvi. Akakhala wamkazi ndiye kaya. Ife chinthu timachikhulupirira chikasweka, anthu atazungulira, wina akufunsa kuti kodi panalibe amene anaona.

Ndipo amene amapsa nazo si amene anakana kumvera. Pashedi paja panali amayi ena a ku Kapichi, a Nachuma, amene anakhala pansi pafupi ndi matumba awo. Iwo za kompyuta sanazimvepo. Amangodziwa kuti anathyola ndipo palibe analandira.

Pano fakitale yaitanitsa katswiri wochokera kunja kuti adzafufuze chinachitika. Atangofika, akuti anapempha kuona ntchito ya Esnati ija, n'kunena kuti palibe choti awonjezere. Apo ndiye mabwana anagwedeza mitu, kuvomereza.

Lamulungu tikuchokera kutchalitchi Esnati anandiuza kuti watumiza makalata ofunsira ntchito kunja kwa dziko. Ndinafuna kumuletsa, koma ndinasowa pogwira.

Akadzapita, tidzayambenso kudandaula kuti ana ophunzira sakonda kwawo?