Amuna a kwathu ndi mizu ya mpambulu

Kuseri kwa mudzi wathu, kwa Kuntumanji, kuli kaphiri ka miyala yokhayokha kumene ndinkatola nkhuni ndili mtsikana. Mitengo yake inatha kalekale, amuna anaidula n'kukawambira matemba. Anangosiya mpambulu poti uli ndi minga. Ngakhale mu Okutobala, phiri lonse litayera mbee, iwo umakhala wobiriwira.

Chaka china nyanja ya Chilwa itaphwa, asodzi anasowa chochita, n'kumangoswera pabawo. Pabawo pomwepo panabuka mphekesera yoti mizu ya mpambulu imabwezera mphamvu za m'nyumba. Amuna amene ankakana kukawokera mpunga ku Likangala, ati msana ukuwawa, anayamba kukwera phiri makasu ali paphewa.

Wotsogolera anali alamu anga, achimwene awo a amuna anga, munthu woti chibadwire sananenepo kuti sakudziwa kanthu. Tsiku lina anatula mtolo wa mizu pakhonde panga.

"Mlamu, tiwiritsireni iyi. Mpambulu weniweni."

Ndinanunkhiza muzu umodzi. Unkangomveka dothi.

"Alamu, chitsamba chake chinali ndi minga?"

"Minga inayoyoka ndi dzuwali."

"Nanga mutathyola tsamba, panatuluka utomoni woyera ngati mkaka?"

"Mkaka uchokera kuti kunja kouma chonchi? Inu wiritsani basi."

Komatu mpambulu suvuta kuudziwa. Masamba ake amamera awiriawiri, olimba, onyezimira. Zipatso zake zimayamba kufiira, zikapsa n'kuda, ndipo muzu wake ukaupala umanunkha ngati mankhwala opaka pamsana. Ndinawauza kuti akumba chitsamba china, ndipo mumphika mwanga simulowa zimenezo. Anaseka, ati akazi adziwa chiyani za mankhwala a amuna.

Anakawiritsa okha, n'kumwa ndi anzawo a pabawo. Amuna anganso anazemba kukalandira kapu yawo. Lamlungu lake alamu, amene ankayambitsa nyimbo kutchalitchi, anasiya nyimbo pakati n'kutuluka atagwira pamimba, osabwereranso. Amuna anga anagona pamphasa mpaka sabata kutha, akubuula ngati mayi wapakati, ine n'kumawaphikira phala.

Koma alamu ndi anzawo aja sanasiye. Anati mlingo ndi umene unachuluka. Kenako wina anawalozera mpambulu weniweni, ndipo anauzula wonse, tsinde ndi mizu yomwe, phiri n'kutsala maenje okhaokha. Mvula itabwera ndi mkokomo, madzi anakokolola dothi ndi miyala kutsikira m'munda wa chimanga wa alamu omwewo, umene unali m'munsi mwa phirilo.

Za mphamvuzo ndinafunsa amayi anzanga pamjigo. Palibe anaziona. Inenso kwanga sindinaone kusintha kulikonse. Alamu mpaka lero amauza anthu kuti munda wawo anachita kuwalodzera anthu ansanje.