Adalaivala ndi Mabatire Otayidwa

"Ababa, ndili ndi nkhani!"

Mawu a mwanayo anathera pomwepo. Foni inanjenjemera kamodzi m'dzanja la Adalaivala, kenako galasi lake linangoti bii. Moto unali utatha.

Anaigwedeza, anaipukuta pamalaya, anadina batani mpaka chala kuwawa. Sinayake. Anakhala pamphepete pa bedi akuyang'ana khoma lopanda soketi, ndipo bambo wamkulu uja analira.

Inu amene tchaja yanu imagona pakhoma chaka chonse mwina mukuti, "Foni kuzima, nkhani yake ndi yotani?" Dekhani kaye mumve.

Anthu ankawatchulabe Adalaivala ngakhale kuti chiwongolero anali atasiyana nacho kalekale. Ankayendetsa thiraki, mpaka tsiku limene mabuleki anakana pamtsetse. Kuchipatala anatulukako ndi ndodo ziwiri, mwendo wakumanja utathera pabondo. Kuntchito anawagwira chanza n'kuwafunira zabwino zonse. Koma zabwino zonse sizidyedwa.

Nyumba ya lendi anaisiya, n'kukalowa m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, kopanda magetsi. Akazi awo anapita kutali, kwa mchimwene wawo, kukagwira ntchito m'sitolo kuti banja lisafe ndi njala. Sanachoke mokwiya ayi, anachoka akulira. Ndipo anatenga mwana wawo mmodzi yekhayo, kamtsikana kamene bambo ake ankakatchula kuti Kabwana, chifukwa kankalamula aliyense panyumba.

Kabwana analibe foni, mayi akenso analibe. Ankadikira amalume ake akaweruka, kapena akabwera kudzadya masana, kapena akangokhala ndi mtima wabwino, kuti amubwereke yawo. Nthawi yake sinkadziwika. Choncho foni ya Adalaivala inkafunika kukhala yoyaka nthawi zonse.

Apa m'pamene panali vuto. Foniyo inali yamakono inde, koma yokalamba, ndipo batire lake linkasunga moto ngati chidebe chobooka. Kotchajitsa kunali kumsika, kwa wometa tsitsi, ulendo woti munthu wa ndodo amafika thukuta lili kamukamu. Akaisiya pamzere wa mafoni anzake, pobwerera ankapeza mwana wayimba kale. Akaitenga msanga, inkazima nkhani ili pakati.

M'mawa mwake anakatchajitsa n'kuyimbira mlamu wawo.

"Alamu, ndipatseniko mwanayo."

"Alamu, ndisakunamizeni, mwanayu wakana. Akuti mumamudulira foni dala."

"Muuzeni kuti ndi moto unatha."

"Tamuuza. Akuti nanga ya amalume bwanji sizima?"

Mwana wamng'ono sadziwa za mabatire. Chimene ankadziwa n'chakuti akayamba kulankhula, bambo ake amasowa. Kuyambira tsiku limenelo Kabwana anasiya kupempha foni.

Zimenezi zinawapweteka kuposa mwendo. Akale anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, koma Adalaivala anayamba kukayika ngati mwambiwo umakhudzanso abambo. Ntchito inapita, nyumba inapita, ndipo tsopano mwana nayenso ankapita ali moyo.

Pafupi ndi wometa tsitsi uja panali kashopu ka mayi wina wokonza mafoni ndi malaputopu. Msika wonse unkamutchula kuti Mayi Mawaya. Anali mayi wa pakamwa pakuthwa, woti akakupatsa moni umayamba wadzifufuza ngati walakwa. Tsiku lina Adalaivala analimba mtima n'kuima pakhomo pake.

"Achemwali, mulibeko pawabanki yakale yotchajira foni, ngakhale yosweka?"

"Yosweka mukatani nayo, achimwene? Mukaphikire?"

Anafotokoza zonse, maso ali pansi. Mayi Mawaya sananene kuti pepani. Anangokoka ndi phazi katoni imene inali pansi pa tebulo. Munali mabatire a malaputopu, akuda, afumbi, amene eni ake anawasiya atagula atsopano.

Anatenga limodzi n'kulisenda ndi pulayala. M'kati munali timabatire tozungulira, totalika ngati chala, titandandalikana. Anatenga kamita koyezera moto n'kuyamba kukhudza kamodzikamodzi.

"Aka kali moyo. Akanso kali moyo. Aka nako. Aka ndiye kafa." Anakaponya pambali. "Mwaona? Laputopu ikangoona kamodzi kafooka, imakana tonse. Mwini wake n'kutaya batire lonse, kumati lafa."

Adalaivala anayang'ana timabatire tamoyoto. Kenako anayang'ana mwendo wa thalauza lawo umene anaupinda n'kuumanga ndi pini.

"Manja muli nawo?" anafunsa Mayi Mawaya.

"Ndili nawo."

"Ndiye khalani pampando apo. Ine nthawi yosenda zimenezi ndilibe. Mukaphunzira, mupanga nokha pawabanki yanuyo."

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi. Zala zozolowera chiwongolero ndi majeke sizigwirizana msanga ndi timawaya tonga ulusi. Chitsulo chowotcherera chinawapsereza zala mpaka matuza. Pawabanki yoyamba anasemphanitsa mawaya, kachipangizo kolamulira moto kanapsa pomwepo, fungo lake n'kudzaza shopu.

"Galimoto munkayendetsanso chobwerera m'mbuyo?" anatero Mayi Mawaya. Koma anatsegula dirowa n'kuwapatsa kena.

Yachiwiri ndiyo inatsala pang'ono kuwathamangitsa. Mwa timabatire tawo munali kena kotupa pang'ono, kokhala ndi chibowo m'mbali. Kamita kanaonetsa kuti kali ndi moto, ndipo iwo anachita nako chisoni. Anakakulunga ndi tepi n'kukaphatikiza ndi tinzake osafunsa. Safunsa anadya phula. Atangoyamba kutchaja, chinthucho chinatentha n'kuyamba kufuka utsi. Mayi Mawaya anachigwira ndi pulayala n'kuchiponya m'chitini cha mchenga chimene chinkakhala pakhomo.

"Mufuna mundiwotchere shopu? Kotupa, kobooka, kapena kotentha kakamatchajidwa, sitikanyengerera! Chifundo chanucho mukachitire anthu, osati mabatire!"

Anthu a m'mashopu oyandikana anatuluka kudzaonerera. Wina anaseka n'kunena kuti Adalaivala achitanso ngozi ina. Iwo anatola ndodo zawo n'kubwerera kwawo mwakachetechete.

Masiku angapo sanaoneke kumsika. Anagona chagada m'kachipinda kaja, foni yozima ili pachifuwa. Maganizo ankawauza kuti munthu wolephera ndi wolephera basi. Koma mawu aja ankabwerabwera m'makutu: "Ababa, ndili ndi nkhani." Nkhani yanji? Akapanda kudzuka, sadzaimva mpaka kalekale.

Anadzuka. Atafika pashopu anapeza mpando wawo uli pomwe unali.

"Mwachedwa," anatero Mayi Mawaya osadzutsa mutu. "Katoni yadzaza."

Ulendo uno anaphunzira kudekha, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Kabatire kalikonse ankakayeza, kukatchaja, kukasiya kagone masiku, n'kukayezanso kuti aone ngati kakusunga moto. Kokayikitsa ankakaika padera kuti kakatayidwe koyenera. Timene tapambana mayeso ankatilumikiza bwinobwino, kuika kachipangizo koteteza, n'kutsekera m'kabokosi kapulasitiki kokhala ndi pobayira chingwe cha USB.

Tsiku limene anabaya foni yawo pa kabokosi koyamba kabwino, kachizindikiro ka moto n'kuyaka pakona ya galasi, anakhala akukayang'ana ngati munthu woona mwana wobadwa kumene. Kuyambira pamenepo masana ankatchaja kabokosiko kushopu, madzulo n'kupita nako kwawo. Foni inkakhala m'thumba la malaya, kabokosi m'thumba la thalauza, chingwe chikulendewera pakati.

Chingwe chimenecho ndi chimene chinawaitanira anthu. Mayi wogulitsa masamba, amene makasitomala ake amaitanitsa pafoni, anafunsa ngati angamupangireko. Kenako anabwera anyamata a njinga zamoto, mlonda wa pasitolo, ndi mphunzitsi wina wokhala kudera kumene magetsi amabwera ngati mlendo. Adalaivala sankapereka kabokosi asanakayese okha, ndipo aliyense ankamuuza kuti asakasiye padzuwa, asakanyowetse, ndipo kakangoyamba kutentha abwere nako msanga.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Anapeza tebulo lawolawo pakhonde la shopuyo. Anayamba kudya kawiri patsiku, n'kumatumizako kangachepe kwa akazi awo. Amene ankaseka aja anayamba kubwera ndi mafoni awo m'manja, akuti, "Adalaivala, tithandizeni."

Koma foni imene inachititsa zonsezi sinalire. Ankayimba okha, akazi awo n'kulankhula, mlamu n'kulankhula, koma Kabwana akamva kuti ndi ababa ankathawira panja. Foni inali ndi moto usana ndi usiku, koma mwini wake wa motowo sankaufuna. Zimenezi zinkawadya mumtima ngakhale pamene ankaseka ndi makasitomala.

Anatumiza mayunitsi ku foni ya mlamu wawo n'kunena kuti, "Alamu, musamukakamize. Mungomuuza kuti tsiku limene adzafune, adzandiyese."

Linafika tsikulo masana, msika uli pikitipikiti, anthu atazungulira tebulo. Foni inalira. Inali nambala ya mlamu.

"Halo, alamu?"

Kunali zii. Koma ankamva kupuma, kupuma kwa kamunthu kakang'ono kogwira foni ndi manja awiri.

"Kabwana? Ndiwe, mwanawe?"

Sanayankhe. Adalaivala anazindikira kuti mwanayo sanayimbe kuti alankhule. Anayimba kuti aone ngati adulenso.

Ndiye anayamba kulankhula okha. Anamuuza za tebulo lawo, za Mayi Mawaya ndi pakamwa pawo, za tsiku limene anatsala pang'ono kuwotcha shopu. Anamuuza za mphaka amene amagona m'katoni ya mabatire ngati walipira lendi. Makasitomala anayamba kung'ung'udza, koma Mayi Mawaya anatuluka n'kuwabalalitsa ndi dzanja.

"Lero ofesi yatseka. Bwerani mawa."

Ali pakati pa nkhani ya mphaka, foni inalira kamawu kaja kochenjeza kuti moto watsala pang'ono. M'mawa wonse anali akuigwiritsa ntchito poyesera zingwe za anthu, ndipo anaiwala kuibaya. Anapapasa m'thumba, anatulutsa kabokosi kawo koyamba kaja, n'kubaya chingwe. Kachizindikiro kanayaka. Anapitiriza nkhani ya mphaka pomwe anaisiyira.

Nkhani zitawathera anayamba kuyimba kanyimbo kamene ankamuyimbira akamamusambitsa ali wakhanda. Mawu awo anali oipa ngati kale, moti wometa tsitsi anasuzumira pawindo. Sanasamale. Dzuwa linasuntha, mthunzi wa khonde unafika pamapazi a anthu odutsa, iwo akadali pafoni.

Kenako kunamveka kamawu kakang'ono.

"Ababa, simunadule?"

"Sindinadule, mwanangu. Sindinayambe ndadulapo. Ndiuze nkhani ija."

"Iti?"

"Ija unati uli nayo tsiku lija."

Mwanayo anaganiza kaye. "Ooh! Dzino langa lakutsogolo linachoka. Koma linamera kale lina. Lalikulu."

Adalaivala anatseka maso. Dzino lathunthu linamera iwo osadziwa. Misozi inatsika, koma anaseka kuti mwanayo asamve.

Pamenepo Kabwana anamasuka, nkhani zikutuluka ngati madzi a pampopi. Za kusukulu, za mnzake amene amamubera pensulo, za nsapato zimene zamuthina. Anali atangoyamba kunena kuti, "Ndiye aphunzitsi anati..." pamene foni inangoti zii.

Adalaivala anayang'ana yawo. Inali yoyaka bwinobwino.

Patapita nthawi mlamu anayimba pa foni ya mnzake, akuseka mpaka kutsamwa.

"Alamu, yanga ndi imene yazima! Mwanayu ali pano akuigwedeza, akuti, 'Amalume, si ine ndadula, yazima yokha! Ababa aziganiza kuti ndawadulira!' Akulira kuti ndikuuzeni msanga."

"Muuzeni kuti ndikudziwa," anatero Adalaivala. "Muuzeni kuti ine ndiye ndikudziwa bwino."

Mawa lake anasankha timabatire tabwino koposa m'katoni monse, anapanga kabokosi kena, n'kukatumiza pa basi kwa mlamu wawo. Chaka chisanathe anapeza nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi magetsi, ndipo akazi awo ndi Kabwana anabwerera. Lero mukadutsa pakhonde paja masana mudzapeza kamtsikana ka mano akuluakulu akutsogolo kakulamula makasitomala kuti aime pamzere.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso china chake chinafa m'moyo mwanu. Mwina ndi ntchito, mwina ndi mayeso, mwina ndi thanzi, ndipo anthu anakuyang'anani n'kunena kuti munthu yense watha. Musawavomereze msanga. Khalani pansi, muyeze chimodzichimodzi zimene zatsala: manja, mutu, anthu amene amakukondani. Chimene chafa chivomerezeni kuti chafa, musachikulunge ndi tepi. Koma zamoyozo zilumikizeni, chifukwa kwinakwake kuli wina amene wagwira foni ndi manja awiri, akudikira kuti aone ngati mudule.

Musadule. Osataya mtima.