Mzere wa Pamwamba pa Khutu

Anamakina sanabadwe wometa. Makinawo anali a malemu amuna awo, ndipo achibale atabwera kudzasesa m'nyumba maliro atatha, ananyamula mipando ndi njinga koma makina ometera anawasiya, ati mkazi angatani nawo. Anauponda. Mayiwa anaphunzirira pamutu pa mwana wa malemu mng'ono wawo amene ankamulera, mnyamata wa mphumu yemwe anzake ankamutcha Kampope chifukwa cha kabotolo kopopera m'kamwa komwe ankayenda nako. Mutu wa Kampope unaona zakuda chaka chimenecho, zigamba zokhazokha, koma dzanja la mayi ake linawongoka.

Kachipinda kawo kometera kanali kuseri kwa sitolo ya zitsulo, moyandikana ndi telala wina wokalamba. Munali galasi long'aluka pakona, mpando wozungulira umene unasiya kalekale kuzungulira, ndi benchi panja. Telalayo ankakangana nawo tsiku ndi tsiku kuti tsitsi likuulukira pansalu za makasitomala ake. Benchilo ndiye linali la anyamata. Akanapita kuti? Holo ya achinyamata inasanduka mosungira simenti, ndipo theka la bwalo la mpira anaimikapo maminibasi. Choncho ankaunjikana kwa Anamakina, kumene ankakalipiridwa, kutumidwa madzi, ndi kufunsidwa za mayeso.

Mayiwa anali ndi lamulo lawo. Mnyamata aliyense amene akadali pasukulu ankamumeta ulere, n'kumudula kamzere pamwamba pa khutu lakumanzere.

"Mzerewu ukatsekeka ubwerenso," ankatero. "Ndipo ndikamva kuti wajomba, ndidzakumeta mbali imodzi, inayo ukamalize kwa agogo ako."

Anyamata ankaunyadira mzerewo kuposa nsapato zatsopano. Ena amene anali atasiya sukulu anabwerera m'kalasi chifukwa cha kamzere basi.

Kenako sitolo ya mafoni inathyoledwa, ndipo mlonda anauza apolisi kuti anaona mnyamata wa mzere m'mutu akuthawa. Apolisi sanafune zambiri. M'mawa mwake anaimika galimoto panjira ya kusukulu n'kumagwira mnyamata aliyense chibwano, kumutembenuza mutu, akaona mzere n'kumuponya m'galimoto. Kampope anali m'gulumo, ndipo chikwama chake chinatsala m'ngalande. Mtsikana wa m'kalasi mwake ndiye anachitola n'kuthamanga nacho kometera. Anamakina atapisamo dzanja anapeza kabotolo kaja.

Anafika kupolisi ali wefuwefu. Pakauntala panali wapolisi wachinyamata, wosasiyana kwenikweni msinkhu ndi amene anawatsekerawo.

"Bwana, ndabwera ndi mankhwala a mwana. Ali ndi mphumu."

"Za kunja sizilowa m'chitokosi, mayi. Tidziwa bwanji zimene mwaikamo?"

"Popani nokha muone."

"Mukundiphunzitsa ntchito?"

"Ayi bwana, pepani. Koma mzerewo ndinawadula ndine. Ndi wa ana asukulu, si wa mbava."

"Oho! Ndiye inu ndinu abwana a gululi?" Anaseka, anzake kumbuyo n'kumuthandiza kuseka.

Dzuwa linali litakwera ndipo malata ankathetheka. Kuseri kwa khoma kunkamveka ana akulira, wina akuitana amayi ake, ndipo pakati pa phokosolo Anamakina anamva chifuwa chimene ankachidziwa kuyambira mwanayo ali kumsana, chouma, chotsatana ndi kamluzu. Anagwada pasimenti. Wapolisiyo anawauza kuti adzuke, pano si patchalitchi.

Anathamangira kwa ahedi a pasukulupo. Ahediwo anapukusa mutu mwachisoni n'kulonjeza kuti alemba kalata. Kalata! Mwana akubanika, munthu akufunafuna cholembera. Anagogoda kwa makolo a anyamata ena poganiza kuti akapita ambiri apolisi amva, koma pakhomo loyamba anapeza bambo atapanira mwana wake pakati pa miyendo, akumupala mutu ndi lezala mpaka magazi.

"Inuyo musatiyandikire," anatero bamboyo. "Munatidindira ana ngati mbuzi za pamsika. Mwaona tsopano?"

Mawu amenewo anawalasa. Anabwerera kometera n'kuima pakati pa kachipindako osadziwa chogwira. Kenako anatenga makina a batire, kabotolo anakabisa m'kamisolo, n'kutuluka osatseka n'chitseko chomwe. Telala anawaitana, iwo osacheuka.

Pamasitepe a polisi anakhala pansi, anavula mpango wakumutu n'kuyatsa makina. Tsitsi limene analisunga chimwalirireni amuna awo linagwera pamiyendo. Anthu odutsa anaima. Popanda galasi anadzidula mzere pamwamba pa khutu, wokhota ngati wa wophunzira kumene, n'kulowa.

"Bwana, wina wa gulu lija ndi uyu. Nditsekereni."

Wapolisi uja anawayang'ana, kuseka kutamuthera.

"Mayi, ngakhale ndikutsekereni, chitokosi cha akazi n'china. Simukamuona."

Apo ndiye Anamakina analira, kulira kwenikweni kokuwa, kopanda manyazi. Nzeru zawo zonse zinathera pamenepo, ndipo kuseri kwa khoma anyamata anali atayamba kumenya chitseko, akukuwa kuti mnzathu akufa kuno.

"Anamakina, bweretsani makinawo."

Anali telala, atawatsatira ndi tepi yake ili m'khosi. Anakhala pasitepe n'kuvula chipewa. Mutu wake unali dazi lokhalokha, titsitsi tatsala m'mbali mwa makutu.

"Pamene patsalapo pakwana mzere," anatero. "Ine ndine mwamuna, anditsekera kwa anawo. Fulumirani."

Anamudula. Atadzuka telala panakhala wowotcherera zitsulo, kenako wokonza njinga, kenako bambo uja wa lezala, amene anakhala pansi osayang'ana munthu kumaso. Azibambo a mizere anadzaza pakauntala, aliyense akuti nditsekereni, ndipo panja anthu anali atakweza mafoni m'mwamba. Mkulu wa apolisi anatuluka mu ofesi yake. Musaganize kuti chinamutulutsa ndi chisoni. Anayang'ana mafoniwo n'kulamula kuti atsegule.

Kampope anatuluka atanyamulidwa ndi anzake, milomo itatuwa, maso atatembenuka. Anamakina anamupopera m'kamwa, kupopa, kupopanso, akumutchula dzina lake lenileni limene ankangolitchula akakwiya. Chifuwa chinagwira kampweya pang'ono. Wowotcherera anamuika pangolo yake n'kuthamanga naye kuchipatala. Anyamata enawo anawatulutsa madzulo ake popanda ngakhale pepani, ndipo wothyola sitolo uja sanapezeke mpaka lero.

Mwanayo anachira, koma benchi lija linakhala lopanda munthu. Makolo analetsa ana awo, ndipo anawo akaona galimoto ya polisi ankalowa m'makwalala, zipewa zili mpaka m'makutu.

Tsiku limene anatuluka m'chipatala, Kampope sanafune kupita kunyumba. Anapempha kuti adzere kometera, ndipo anakakhala yekha pampando uja wosazungulira. Pamwamba pa khutu, pomwe panali mzere, panali potupa.

"Ankatimenya pomwepa," anatero. "Aliyense pamzere pake. Amati tiwauze amene anatilemba."

"Bwanji simunanene? Ndi ine, aliyense akudziwa."

"Tinagwirizana m'galimoto kuti tisakutchuleni."

Mnyamatayo anawayang'ana m'galasi long'alukalo, iye ndi mzere wake, iwo ndi wawo wokhota.

"Amayi, ndichotseni. Ndimeteni mpala. Kusukulu ndizipitabe, musadandaule, koma ndikufuna ndizikafika."

Anamakina anamukulunga nsalu m'khosi monga ankachitira kuyambira ali wamng'ono, n'kuyatsa makina. Anayambira kumanja, kutali ndi potupapo, n'kumazungulira pang'onopang'ono mpaka panatsala kachigamba kokhala ndi mzerewo. Anaima nthawi yaitali makina akulira m'manja.

"Malizani, amayi," anatero mwanayo. "Sizikupweteka."

Anamaliza.