Chimbale chimene ndinanyoza ndisanachimve

Mu tiyirumu ina pa Benga tinkakangana za bandi ya magitala imene nyimbo zake tinkavina tili anyamata. Ine ndinakweza mawu kuposa onse: "Anthu aja anatha! Chimbale chatsopanochi n'chozizira."

Kunena zoona, ndinali ndisanachimvepo.

A Saidi, atelala, anafunsa mofatsa, "Nyimbo imene yakuipirani kwambiri ndi iti, achimwene?"

"Yachitatu ija," ndinayankha, maso ali m'kapu.

Anthu atabalalika, a Saidi anandipatsira foni yawo. "Yachitatuyo ndi iyi. Akulira mnzawo woimba ng'oma amene anamwalira."

Ndinaimvera mpaka kumapeto, misozi ikulengeza, manyazi atandigwira. A Saidi sanauzepo munthu za bodza langalo mpaka lero. Ndikamadutsa pashopu pawo, ndimawapatsa moni ndi manja awiri.